Maapulo Anai ndi Bodza Langa

Mwezi wa July ukafika, mphepo ya mwera ikayamba kulowa m'ming'alu ya zitseko, ndipo ana akayamba kukana kusamba m'mamawa, mtima wanga umabwerera kumudzi kwathu ku Katete, ku caka ca 1970. M'mwezi umenewo ndinalawa cakudya cimene ndinali ndisanacionepo ndi kale lonse, ndipo tsiku lomwelo ndinazindikira kuti ndinali mwana wopusa. Nkhaniyi ndaisunga mumtima zaka zoposa 50. Tsopano popeza imvi zandikwanira mutu wonse, ndaganiza kuti ndiifotokoze, kapena ingathandize mwana wina wa sukulu amene ali kudwala nthenda imene ndinadwala ine.

Atate anga anali khuki. Anacoka kwathu m'caka ca 1950 napita ku Halale, mzinda umene masiku amenewo Azungu anali kuuchula kuti Salisbury. Anatsata njira imene anatsata amuna ambiri a kuno kum'mawa ndi a ku Nyasaland, ofuna ndalama za msonkho ndi zobvala za mabanja ao. Ena anakalowa m'migodi ya malasha ku Wankie, ena m'minda ya fodya, koma atate analowa m'khichini ya Mzungu wina. Anayamba ndi kutsuka mbale, nakwera pang'ono-pang'ono kufikira atakhala wophika wamkulu wa nyumbayo. Kumudzi anali kubwera kamodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu, atanyamula bulangeti, shuga ndi nsalu ya amai. Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzipatula ku ulamuliro wa Britain, ndipo caka cotsatira atate anamanga bokosi lao lacitsulo nabwerera kotheratu ku dziko lao, limene linali litalandira ufulu pa 24 October 1964.

Monga mudziwa, kwathu kwa Acewa mwamuna amakakhala kumudzi kwa mkazi wake, nakhala mkamwini. Mkamwini wobwera ku migodi anali kulandira ulemu, pakuti anali ndi zipsera zoonetsa ndi nkhani za pansi pa nthaka zosimba pabwalo. Wobwera ku khichini analibe ulemu wotero. Pa mowa amuna anzao anali kuwaseka atate kuti, "A khuki, kodi ndiwo zapsa?" Amai ena anali kunong'onezana kumtondo za mwamuna wodziwa mthiko. Atate anali kuseka nao pamodzi osabwezera mau, koma cibwerere cao sanakhudzenso mphika ngakhale tsiku limodzi. Analima cimanga ndi nshawa za Chalimbana monga wina aliyense, ndipo za ku Halale sanali kuzisimba. Ine mau oseka aja anandilowa m'mafupa. Ndinakula ndi manyazi pa nchito ya atate anga, ngakhale kuti yunifomu imene ndinali kubvala inacokera ku nchito yomweyo.

Bodza

M'caka ca 1970 ndinali mu Giredi 7, ndiri ndi zaka 14. Kunabwera mphunzitsi watsopano amene anafuna kulemba m'buku maina a makolo athu ndi nchito zao. Atafika pa ine anafunsa kuti, "Atate ako anali kugwira nchito yanji ku Halale?" Ndinayang'ana anzanga, ndinayang'ana pansi, ndipo lilime linayankha lokha: "Anali kalaliki, aphunzitsi." Aphunzitsi analemba, napitirira kwa mwana wina. Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Koma bodza liri ndi miyendo yaifupi. Patapita miyezi itatu makolo anaitanidwa kusukulu kudzaumba njerwa za cipinda catsopano cophunziriramo, pakuti masiku amenewo midzi inali kudzimangira yokha masukulu mwa nchito yodzithandiza. Aphunzitsi ataona atate anawapatsa moni ndi manja awiri, nati pamaso pa anthu onse, "Ndamva kuti inu munali kalaliki ku Halale. Tithandizeni kulemba maina a onse amene abwera ndi ciwerengero ca njerwa zao." Anawapatsa buku ndi pensulo. Atate anali kudziwa kulemba dzina lao lokha ndi kuwerenga manambala, basi. Anagwira buku lija kanthawi, natembenuka nandiyang'ana ine. Sindidzaiwala maso amenewo. Munalibe mkwiyo m'menemo, ndipo ndico cinandipweteka koposa. Pamenepo anati, "Maso anga afooka, aphunzitsi. Mwanayu alembe, ine ndiponde dothi." Anabvula malaya nalowa m'dzenje.

Madzulo tinabwerera kumudzi awiri-wiri, iwo patsogolo ine pambuyo, osalankhulana njira yonse. Ndinayembekeza mkwapulo, koma sunabwere. Ndinayembekeza kuti auza amai, koma sanawauze. Masabata anapita, ndipo nsima inali kundikakamira pakhosi nthawi iriyonse pamene tinali kudya mbale imodzi.

Kuciyambi kwa July amalume, amene anali kugwira nchito ku Lusaka, anabwera ndi basi kudzaona ambuye. M'cikwama cao anaturutsa zipatso zinai zobiriwira, zokulungidwa m'nyuzipepa. Ife ana tinazungulira kufuna kuluma, ambuye ananunkhiza nati ndi mateme ang'ono-ang'ono. Atate anatenga cimodzi, nacitembenuza m'dzanja, nacikanikiza ndi cala cacikuru pafupi ndi phesi, nati motsitsa, "Granny Smith." Kenaka anati kwa amalume, "Alamu, ngati mundilola, maapulo awa asadyedwe lero. Mundipatse masiku awiri." Amalume anabvomera modabwa. M'mawa mwake atate anamanga tambala wao pa njinga napita ku boma, nakamgulitsa, nagula m'sitolo ya Amwenye ufa wa tirigu, majarini wolimba, shuga ndi kapaketi ka sinamoni.

Usiku umenewo ndinawaona akucita zacilendo. Anathira madzi pa mcenga pansi pa nkhokwe, naimikapo mtsuko, naikamo majarini uja ndi botolo lalitali lodzaza madzi, nabvundikira ndi nsalu yonyowa. Anatsuka thabwa la tebulo ndi mcenga ndi madzi otentha, naligoneka panja pa mame. Tambala woyamba atalira ndinamva dzanja paphewa langa. Anali atate, atanyamula nyali. Anati, "Dzuka, mwanawe, ukaone ukalaliki wanga."

Mbanda kuca

Cakudya cimene anafuna kupanga Angerezi amacichula kuti apple turnover, kutanthauza mkate wopindidwa wokhala ndi maapulo m'kati. Atate anali kungoti "tanova". Afalansa amaciyerekeza ndi nsapato ya m'nyumba, nacichula kuti chausson aux pommes, ndipo kamzinda kao kena kochedwa Saint-Calais kamacita phwando lake caka ndi caka m'mwezi wa September, pokumbukira mliri wa caka ca 1630, pamene, monga amasimbira eni ake, mkazi wina wolemera anagawira osauka ufa ndi maapulo. Zimenezi ndinaziwerenga nditakula. M'mawa uja ndinali kungodziwa kuti kunja kunali cisanu columa makutu, ndi kuti atate anakana kugwirira nchito pafupi ndi moto.

Anandiuza kuti ndisambe m'manja ndi madzi a mumtsuko. "Mdani wa nchito iyi ndi kutentha," anatero. "Ku Halale kunali filiji. Kuno filiji yathu ndi July." Anayesa makapu awiri a ufa, ndiwo magalamu 250, nathira m'beseni pamodzi ndi kamcere kotsina ndi zala zitatu. Anadula majarini wokwana magalamu 200 m'tizidutswa tonga nshawa zazikuru, nationjeza mu ufa, natigubuduza ndi mpeni kuti tibvale ufa, osatifikisa ndi zala. Pamenepo anathira theka la kapu la madzi ozizira osakaniza ndi madontho a ndimu, nasonkhanitsa zonse ndi mpeni womwewo kufikira zitagwirana kukhala mtanda umodzi. Mtandawo unali woipa maonekedwe, wamabuluzi-mabuluzi, majarini akuonekera ponse-ponse. Ine ndinati, "Atate, sunakandike." Iwo anati, "Ukaukanda waupha. Uwu si mtanda wa zitumbuwa."

Anawaza ufa pa thabwa lozizira lija, natenga botolo la madzi, nayamba kusalaza mtanda kucokera pakati kupita kutsogolo, ndi kucokera pakati kubwerera kwa iwo, kufikira utatalika katatu kuposa m'lifupi mwake. Anapinda mbali ya kumtunda kufika pakati, napinda ya kumunsi pamwamba pake, monga munthu apindira kalata yoti ilowe mu envulopu. Anautembenuza kuti mphepete yotseguka iyang'ane kudzanja lamanja, nasalazanso, napindanso. Atatero anaukulunga m'nsalu yonyowa pang'ono nauika mumtsuko kuti upumule nthawi yokwana munthu kupita kudambo kukatunga madzi ndi kubwerako, ndiyo mphindi 20 kapena 30.

Pamene mtanda unali kupumula anasenda maapulo. Mpeni wao unayenda mozungulira osaima, ndipo khungu lonse la apulo linagwa pansi liri cingwe cimodzi copyapyala, cosaduka. Anadula zipatsozo tizidutswa tonga nsonga ya cala, nafinyirapo ndimu msanga, pakuti apulo wodulidwa akakhudzana ndi mpweya amada monga icitira mbatata yosendedwa, ndipo madzi a ndimu amaletsa zimenezo. Anathira masupuni atatu a shuga ndi kasinamoni pansonga ya supuni, naphika m'kasefuliya pa moto wocepa mphindi zisanu zokha, kuti tizidutswa tifewe koma tisasanduke phala. Anatsanulira m'mbale naika panja pa mame. Anati maapulo otentha akakhudza mtanda, nchito ya usiku wonse yaonongeka.

Anaturutsanso mtanda, nausalaza ndi kuupinda kacitatu ndi kacinai. Pamene anali kupinda anali kuwerenga mokweza: "Kupinda koyamba, magawo atatu. Kwaciwiri, atatu katatu, 9. Kwacitatu, 27. Kwacinai, 81. Wophunzira iwe, ndalakwa kodi?" Ndinawerenga mumtima ndipo sanalakwe. Anandiuza kuti pa masiku a phwando lalikuru anali kupanga mtanda wina wobvuta koposa uwu, wopindidwa kasanu ndi kamodzi, umene umakhala ndi magawo 729. Ndinacita manyazi ndi masamu anga a Giredi 7.

Cinsinsi ca nchito yonseyi ndi ici. Mafuta ozizira sasakanikirana ndi ufa, koma amayalidwa pakati pake m'timasamba topyapyala, tsamba la ufa, tsamba la mafuta, tsamba la ufa, motero-motero. Mtanda ukalowa pamoto waukali, madzi okhala m'mafuta ndi mu ufa amasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo pofuna njira yoturukira imakankha tsamba lirilonse kulilekanitsa ndi linzake. Ndico cifukwa cake mkate umenewu umatupa popanda yisiti kapena soda. Koma mafuta akasungunuka mtanda usanafike pamoto, amalowerera mu ufa, timasamba timamatana, ndipo cimene cimaturuka ndi cikopa. Atate sanadziwe mau a m'mabuku a sayansi, koma zala zao zinali kudziwa zonsezi.

Kunja kutayamba kuyera anasalaza mtanda komariza kufikira utapyapyala monga ndalama ziwiri zacitsulo zosanjikizana. Anadula magawo asanu ndi atatu a ngondya zinai, lirilonse monga cikhato ca munthu wamkulu. Pakati pa gawo lirilonse anaika supuni imodzi yodzaza ya maapulo ozizira, nanyowetsa m'mphepete ndi cala, napinda ngondya imodzi kukakumana ndi inzake, monga amai apindira duku asanabvale kumutu. Anakanikiza m'mphepete ndi mano a foloko, napaka dzira lomenya pamwamba ndi nthenga ya nkhuku yotsuka, naboola timabala tiwiri toturukira nthunzi, nawaza shuga.

Zotsala za m'mphepete anandipatsa ine kuti ndipange yanga. Ndinaziumba m'manja, ndinazisalaza, sizinandikomere, ndinaziumbanso, kufikira zala zanga zinanyezimira ndi mafuta. Atate anaona koma sananene kanthu.

Uvuni wathu unali mphika wacitsulo wa miyendo itatu, umene amai anali kuphikira cikondamoyo. Atate anathira mcenga wouma pansi pake kuya kwa zala ziwiri, naika mbale yacitsulo pamwamba pa mcenga, nasonkha makala a nkhuni zolimba, ocepa pansi pa mphika, ambiri pa cibvundikiro. Poyesa kutentha anawaza kaufa pa mbale ija nabvundikira, nawerenga pang'ono-pang'ono kufika 60. Atabvundukula, ufa unali utafiira monga nshawa zokazinga. Ukada, moto wacuruka. Ukakhala woyera, moto wacepa. Amene ali ndi uvuni wamagetsi adziwe kuti kutentha kumeneku ndi madigiri 200, ndipo nthawi yake ndi mphindi 20 kufikira 25. Anaika zitatu m'kati nabvundikira. Patapita kanthawi ndinatambasula dzanja kuti ndisuzumire, koma anandigwira mkono nati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukatsegula tsopano, nthunzi ithawa ndipo zigwa."

Fungo

Dzuwa lisanakwere fungo linali litayenda mudzi wonse. Linali fungo limene mudzi wathu unali usanalimvepo, la shuga wopsa ndi mafuta ndi sinamoni pamodzi. Anayamba kufika ana, kenaka amai ali ndi mitsuko yao pamutu, potsiriza amuna, ena mwa iwo omwe aja a pa mowa, akunamizira kudzapempha moto wa fodya. Atate atabvundukula, tinaona zinthu zitatu zofiirira, zotupa kuposa kawiri, m'mphepete mwake mukuoneka timasamba tosawerengeka monga buku lakale lonyowa ndi kuuma. Panalibe amene anaseka.

Anaphika katatu kufikira zonse zitatha. Yanga inaturuka yaphwatalala, yolimba, yoti galu akanabvutika nayo. Anthu anali oposa 30, motero atate anadula zisanu ndi ziwiri m'tizidutswa kuti aliyense alaweko. Cidutswa coyamba anapatsa amai kuti akapereke kwa ambuye, pakuti mkamwini sapereka cinthu m'manja mwa apongozi ake. Ambuye analibe mano, ndipo tonse tinakhala cete kuona cimene adzacita. Anaika m'kamwa, natseka maso, nakhala nthawi. Pamenepo analankhula moyang'ana kumbali monga mwa mwambo, koma mokweza kuti onse amve: "Cimeneci cisungunuka cokha. Uwauze akamwini kuti zaka zonsezi anali kutimana." Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka, koma kunali kuseka kwina, kosiyana ndi kuja kwa pa mowa.

Yacisanu ndi citatu atate sanaidule. Anaiika pa mbale, nakhala pa mpando wao pakhonde, nabvula cipewa, nadya pang'ono-pang'ono kufikira nyenyeswa yomariza. Ine ndinakhala pansi pafupi nao ndikulimbana ndi cikopa canga. Anthu atabalalika anandiuza, osandiyang'ana, kuti imeneyo inali tanova yoyamba kuidya yathunthu, atakhala pansi. Pa zaka zonse za ku Halale anali kuphika 12 Loweruka lirilonse. Maapulo anali kuwerengedwa polowa m'khichini, matanova anali kuwerengedwa poturuka, shuga anali kutsekeredwa m'kabati ndipo kiyi inali kukhala ndi dona. Iwo anali kulawa kangondya kothyoka, ali ciriri kuseri kwa citseko. Tsitsi lao linayamba kuyera akuitanidwabe kuti boyi.

"Sindinabe ngakhale supuni imodzi ya shuga," anatero. "Malata a nyumba iyi, ng'ombe ziwiri zija, yunifomu yako, zonse zinaturuka mu uvuni. Ukalaliki ndi nchito yabwino, mwanawe, ndipo ukadzaupeza udzaugwire ndi manja awiri. Koma ine usandipatse nchito ya mwini. Ndiri nayo yanga."

Ndinafuna kunena kuti andikhululukire, koma mau anandikanika pakhosi, ndipo iwo ananyamuka kukamasula ng'ombe. Lolemba ndinapita kwa aphunzitsi ndisanalowe m'kalasi, ndinawauza kuti ndinanama. Anandiyang'ana nthawi yaitali, natsegula buku, nafafaniza mau aja, nalemba kuti "wophika". Atate sindinawauze kuti ndatero, ndipo sindidziwa ngati anamva.

Mtengo wosabala

Njere za maapulo aja ndinazibzala kuseri kwa nyumba. Ziwiri zinamera, umodzi unadyedwa ndi mbuzi, wina unakula kuposa denga, koma sunabale cipatso ngakhale cimodzi. Ndinadziwa cifukwa cake pambuyo pake. Mtengo wa maapulo kwao kweni-kweni ndi ku mapiri ozizira a pakati pa Asia, ku dziko la Kazakhstan, kumene ikali kumera yokha m'nkhalango. Umafuna kuyoyola masamba ndi kugona m'cisanu cacikuru maola mazana-mazana, ndipo ukapanda kugona motero sucita maluwa bwino. Ndico cifukwa cake kuno kumwera kwa Africa maapulo ambiri amalimidwa ku malo okwera ndi ozizira, monga ku Nyanga m'dziko la Zimbabwe, ndi ku Ceres ndi Elgin m'dziko la South Africa, kumene Jan van Riebeeck anathyola maapulo oyamba ku Cape m'caka ca 1662. Ulipo mtundu wina wochedwa Anna, wocokera ku Israel, umene umakhutira ndi cisanu cocepa, ndipo ndiwo woyenera kuyesa ku malo ofunda monga kwathu.

Cinanso n'cakuti njere ya apulo sibala zipatso zofanana ndi za make. Alimi amadula kanthambi ka mtengo wabwino nakamezanitsa pa tsinde la mtengo wina. Granny Smith yemweyo anayamba ndi kamtengo kamodzi kongodzimerera pa munda wa mai wina wokalamba, Maria Ann Smith, pafupi ndi Sydney ku Australia, m'caka ca 1868, ndipo mitengo yonse ya mtundu umenewu pa dziko lapansi ndi nthambi za kamtengo kameneko. Apulo wake ndi wowawasa, wolimba, wosafulumira kuola, ndipo saphwanyika msanga pamoto. Ndico cifukwa cake atate anamzindikira ndi cala cokha.

Maapulo sanabwerenso kumudzi kwathu kwa zaka zambiri. Mu January 1973 malire a Zambia ndi Rhodesia anatsekedwa, ndipo mtengo wa kopa utagwa mu 1975 zinthu zinayamba kusowa m'masitolo. Amene analipo akumbukira mizere ya sopo, mafuta ophikira ndi ufa wa tirigu. Koma atate sanabwererenso ku manyazi ao. Caka ciriconse ufa ukapezeka m'nyengo ya cisanu, anali kuthyola papaya losapsa, kulisenda, kulidula tizidutswa, kuliphika kufikira litafewa, ndi kuthirapo ndimu wambiri, shuga ndi sinamoni. Amene sanauzidwe sakanadziwa msanga kuti si apulo. Amai a kalabu ya m'mudzi, ena mwa iwo omwe aja a kumtondo, anatuma nthumwi kudzapempha kuti awaphunzitse kuphika masikono ndi buledi mumphika, ndipo kwa zaka zingapo Lacitatu lirilonse atate anali kukhala pansi pa mtengo wosabala uja, atazunguliridwa ndi ophunzira ao. Ukaipa dziwa nyimbo, anatero akale. Anamwalira m'caka ca 1981, ndipo pa maliro ao dzina lakuti a khuki linachulidwa ndi ulemu.

Lero zinthu zasintha. Maapulo ocokera ku South Africa agulitsidwa m'misika ya Chipata ndi Katete, ndipo tirigu alimidwa m'dziko mwathu momwe muno mwa kuthirira m'nyengo ya cisanu, ku Mkushi, Chisamba ndi Mazabuka. Banja limene lingathe kugula maapulo anai, makapu awiri a ufa ndi majarini likhoza kuyesa zimene ndafotokozazi, ngakhale liribe magetsi. Mungokumbukira zinthu zinai. Dzukani kusanace, m'mwezi wa June kapena July. Musakande mtanda. Maapulo azizire asanalowe m'kati. Musabvundukule mphika mphindi 15 zoyamba zisanathe. Mukalephera koyamba musataye mtima, pakuti ine ndinaphika zikopa zaka zitatu ndisanaone timasamba tija.

Koma mau anga eni-eni apite kwa inu ana a sukulu, amene amai anu agulitsa tomato pamsewu, amene atate anu aocha makala, asoka nsapato kapena alonda nyumba za eni usiku. Tsiku lina munthu adzakufunsani nchito ya makolo anu, anzanu ali kumvetsera. Yankhani zoona, ndipo yankhani mokweza. Ndipo ngati munalakwa kale monga ndinalakwira ine, pitani mukanene mau aja makolo akali ndi makutu akumva. Ine ndinacedwa. Ndinakhala ndi atate zaka 11 citapita tsiku lija, ndinaphika nao pamodzi nyengo zambiri za cisanu, koma mau atatu okha akuti "Atate, ndinalakwa, mundikhululukire" sindinawanene.

Botolo lija ndikali nalo. July aliyense ndimalidzaza madzi ndi kuligoneka panja, ndipo tambala woyamba akalira ndimadzutsa adzukulu anga. Timapanga zisanu ndi zitatu. Zisanu ndi ziwiri timadula ndi kugawira anansi, ndipo imodzi imaperekedwa yathunthu kwa amene wagwira nchito yopinda, kuti aidye atakhala pa mpando. Caka catha mdzukulu wanga wamng'ono anandifunsa kuti, "Ambuye, anakuphunzitsani ndani zimenezi?" Ndinamuyankha kuti, "Atate anga. Anali khuki ku Halale zaka 16."